"Sanabwerere": Mabanja Amene Akufunafunabe Anyamata a M'ndege za Mabomba



Nkhani ya lero yayamba ndi kalata ya mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa History zaka zapitazo. Panopa amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Pakati pa anthu amene amawasamalira pali gogo wina wamkazi wa zaka zoposa 80, amene ali ndi kabokosi komwe salola munthu wina kukagwira. M'kabokosimo muli chithunzi cha mnyamata wovala yunifolomu, telegalamu yachikalekale, ndi buku lolembamo maulendo a pandege. Mnyamatayo ndi bambo ake a gogoyu. Ananyamuka usiku wina pa ndege ya mabomba mwana wawoyu akadali m'mimba, ndipo sanabwerere. Manda awo kulibe. Gogoyu akufuna adziwe chimene chinachitika iye asanatsikire kulichete.

Mtsikanayo anamaliza kalata yake motere: "Aphunzitsi, munatiphunzitsa za Hitler, Churchill ndi mapangano onse aja, koma za anthu ngati awa simunatiuzepo. Ndiwathandize bwanji?"

Kunena zoona ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba pa bolodi zifukwa ndi zotsatira za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuti ana akhoze mayeso a Fomu 4, koma funso la mayi mmodzi wofuna bambo ake linandisowetsa poyambira. Ndinakhala pansi n'kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza ndati ndigawane nanu.

Anali ndani anyamatawa?

Gulu la ndege zankhondo la Britain, lotchedwa RAF, linali ndi nthambi yoponya mabomba yotchedwa Bomber Command. Pakati pa 1939 ndi 1945 amuna pafupifupi 125,000 anauluka m'ndege za nthambi imeneyi. Mwa amenewa 55,573 anafa, 8,403 anavulala ndipo 9,838 anagwidwa ukaidi. Ndiye kuti mwa anthu 100 alionse, 44 anafa. Onse analowa ntchito youluka mwa kufuna kwawo, ndipo ambiri anali a zaka za m'ma 20 zoyambirira. Ena anali asanakwanitse n'komwe zaka 20. Tinene kuti anali a msinkhu wa ana athu amene angomaliza kumene sekondale. Sanali Angerezi okha ayi. Mwa omwalirawo pafupifupi 10,000 anali ochokera ku Canada, ndipo ena masauzande anachokera ku Australia ndi ku New Zealand. Analiponso a ku Poland, ku South Africa, ku Southern Rhodesia, ku zilumba za Caribbean ndi ku West Africa.

Ndege yotchuka kwambiri inali Lancaster, ya mainjini anayi, imene inayamba kumenya nkhondo mu 1942. Inalipo ina ya Halifax ndi ina ya Stirling. Mu Lancaster munkakwera anthu 7: woyendetsa, injiniya, wolondola njira, woponya mabomba, wa wailesi, ndi owomba mfuti awiri, wina pamsana pa ndege wina kumchira. Kasankhidwe kawo kanali kodabwitsa. Pa sukulu ina ya maphunziro awo ankawasonkhanitsa m'chinyumba chachikulu n'kuwauza kuti asankhane okha. Anthu osadziwana ankangoyang'anana nkhope n'kufunsana ngati angaulukire limodzi. Owomba mfuti ena ndi injiniya ankawonjezeredwa pambuyo pake. Kuyambira pamenepo ankakhala ngati ana a mimba imodzi. Izi n'zofunika kwa ofufuza, chifukwa amene akufuna mbiri ya munthu mmodzi amapezeka kuti akufufuza anthu 7, ndipo nthawi zambiri yankho limene banja lina likulisowa lili m'kabati ya banja lina ku Canada kapena ku Australia.

Masamu a imfa

Gulu lililonse la anthu 7 linkayenera kuuluka maulendo 30 okaponya mabomba lisanapatsidwe mpumulo. Anzanga a Masamu, tayesani izi ndi ana anu. Tiyerekeze kuti usiku uliwonse ndege 5 mwa 100 sizibwerera. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa. Koma chulukitsani 0.95 mwa iyo yokha maulendo 30, mupeza kuti magulu 21 okha mwa 100 ndi amene angamalize. Anyamatawo masamu amenewa ankawadziwa, chifukwa m'mawa uliwonse ankaona mabedi opanda eni ake.

Masiku ena zinkaposa apo. Usiku wa pa 30 March 1944 ndege 795 zinatumizidwa ku mzinda wa Nuremberg. Kunali mwezi wowala, ndipo ndege za Ajeremani zinawapeza mosavuta. Ndege 95 sizinabwerere, ndipo anthu oposa 500 anafa usiku umodzi wokhawo.

Ndege yodzaza mafuta ndi mabomba ikawomberedwa, kawirikawiri inkayaka kapena kuphulika m'mwamba. Kabowo kothawira ka Lancaster kanali kakang'ono, moti munthu wovala zovala zochindikala za kozizira ndi parachuti ankavutika kutuluka mumdima ndege ikuzungulira. Ndege zina zinkagwera m'nyanja ya North Sea pobwerera, popanda woona. N'chifukwa chake anthu ambiri sanapezeke.

Uthenga unkafika bwanji kumudzi

Kwathu kuno uthenga wa maliro umabwera ndi munthu. Timasonkhana, timagona pa siwa, timaona nkhope, timakaika m'manda, ndipo pakapita nthawi timamanga chiliza. Mabanja awa sanaone chilichonse mwa zimenezi. Choyamba inkafika telegalamu yonena kuti mwana wanu wasowa. Kenaka inkafika kalata ya mkulu wa gulu lake yopepesa ndi kulimbikitsa kuti mwina wagwidwa ukaidi. Banja linkadikira uthenga wa bungwe la Red Cross la ku Geneva, limene linkalandira mayina a akaidi ndi a omwalira kuchokera kwa Ajeremani. Pakapita miyezi pafupifupi 6 popanda nkhani, boma linkalemba kuti munthuyo akuganiziridwa kuti anafa. Kenaka katundu wake ankabwera, basi nkhani yathera pomwepo.

Ife a ku Malawi ululu umenewu sitiusowa. Tili ndi mawu oti kutchona. Mudzi uliwonse uli ndi malume amene anapita ku Joni kapena ku Salisbury osabwerako, ndipo mayi ake anamwalira akuyang'ana kumsewu. Munthu amene sunamuike m'manda sumaliza kumulira.

Ofufuza manda

Nkhondo ikupita kumapeto, RAF inakhazikitsa gulu lotchedwa Missing Research and Enquiry Service kuti lifufuze anthu ake pafupifupi 42,000 amene anasowa. Asilikali a gululi anayenda mudzi ndi mudzi ku France, Belgium, Netherlands, Germany ndi maiko ena. Ankafunsa alimi, ansembe, apolisi ndi okumba manda. Ankafukula mitembo n'kuyang'ana mano, zizindikiro za pa yunifolomu, manambala amene ochapa zovala ankalemba pa malaya, ndi manambala a pa zidutswa za injini. Tizizindikiro ta mayina timene asilikali ankavala m'khosi sitinali tachitsulo, choncho nthawi zambiri tinkapsa kapena kuonongeka m'nthaka. Ngakhale zinali choncho, oposa theka la osowawo manda awo anadziwika.

Britain sinkabweza mitembo kwawo. Omwalira anasonkhanitsidwa m'manda akuluakulu monga a Reichswald Forest, Rheinberg, Durnbach ndi Berlin, amene amasamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission. M'manda amenewa muli miyala ina yoimikidwa mogundizana: pamenepo ndi pamene anthu a m'ndege imodzi anaikidwa pamodzi chifukwa sizinatheke kuwasiyanitsa. Amene sanapezeke konse mayina awo analembedwa pa chikumbutso cha ku Runnymede, pafupi ndi mtsinje wa Thames, chimene Mfumukazi Elizabeth II anatsegula mu 1953. Pali mayina oposa 20,000 a amuna ndi akazi a magulu a ndege.

Chifukwa chiyani kunali zii?

Apa ndi pamene mphunzitsi wa History ayenera kunena mbali zonse ziwiri. Anyamatawa sankaponya maluwa. Kuyambira mu 1942, pansi pa mkulu wawo Arthur Harris, cholinga chinali kuphwanya mizinda yathunthu ya Germany pamodzi ndi mafakitale ndi nyumba za ogwira ntchito. Mu July 1943 moto wa mabomba unapha anthu pafupifupi 40,000 ku Hamburg. Mu February 1945 ku Dresden kunafa anthu pafupifupi 25,000. Ambiri anali amayi, ana ndi okalamba. Nawonso ali ndi abale amene akuwalira mpaka lero.

Nkhondo itatha, atsogoleri a Britain anachita manyazi ndi nkhani imeneyi. Polankhula ku mtundu wonse pa 13 May 1945, Churchill anayamikira magulu osiyanasiyana koma ntchito ya Bomber Command sanaitchule monga anyamatawo ankayembekezera. Sanapatsidwe mendulo yawoyawo ya ntchito imeneyi. Amene anapulumuka anabwerera kwawo n'kutseka pakamwa. Ena chifukwa cha zimene anaona, ena chifukwa choona kuti dziko silikufuna kumva. Amayi amasiye ambiri anakwatiwanso, ndipo chithunzi cha mwamuna woyamba chinalowa pansi pa sutikesi. Chikumbutso chawo cha ku Green Park mu London chinatsegulidwa pa 28 June 2012, patatha zaka 67. Kachizindikiro kowonjezera pa mendulo kanaperekedwa mu 2013, ambiri a iwo atamwalira kale. Mu 2018 ku Lincoln kunatsegulidwa malo otchedwa International Bomber Command Centre, kumene mayina pafupifupi 58,000 analembedwa pa makoma achitsulo, ndipo kumakumbukiridwanso anthu amene mabombawo anawagwera.

Ndiye musadabwe kuti amene akufunsa kwambiri masiku ano ndi ana okalamba, adzukulu ndi ana a achimwene. Amapeza kabokosi pochotsa katundu wa gogo amene wamwalira, ndipo woti n'kumufunsa palibenso.

Banja liyambire pati?

Izi ndi zimene ndinamuyankha mtsikana uja. Choyamba, dzina lokha silikwanira. Pamafunika nambala ya usilikali, chifukwa mayina ofanana ndi ambirimbiri. Nambalayo imapezeka pa makalata ndi m'buku la maulendo lija. M'bukulo munthu ankalemba tsiku, nambala ya ndege, dzina la woyendetsa, kumene anapita ndi maola amene anauluka; maulendo a usiku kawirikawiri ankalembedwa ndi inki yofiira. Mzere womaliza umakhala wolembedwa ndi dzanja la munthu wina.

Chachiwiri, mayina onse a omwalira ali pa intaneti kwaulere kudzera ku Commonwealth War Graves Commission. Pamenepo mupeza tsiku la imfa, gulu lake, ndi manda kapena chikumbutso pamene dzina lili. Malo a ku Lincoln aja nawonso ali ndi mndandanda wa omwalira umene umasonyeza ndege ndi anzake amene anali nawo.

Chachitatu, gulu lililonse la ndege linkalemba buku la zochitika tsiku ndi tsiku. Mabukuwa ali ku National Archives ku Kew, mu London, m'chigawo chotchedwa AIR 27. Amasonyeza ndege iliyonse imene inanyamuka, mayina a okwera, ola lonyamukira ndi ola lofikira. Pa ndege imene inasowa, malo a ola lofikira amangokhala opanda kanthu. A ku Canada ndi ku Australia ali ndi mwayi wina, chifukwa mafailo a asilikali awo omwalira ali m'nyumba zosungira zolemba za maiko awo, ndipo nthawi zina muli makalata amene makolo ankalemba pofunsa za mwana wawo. Ngati m'ndegemo munali munthu mmodzi wa ku Australia, failo yake ikhoza kufotokoza za onse 7.

Chachinayi, anthu a kumene ndege inagwera. Ku Netherlands, Belgium, France, Denmark ngakhale ku Germany kuli anthu wamba amene atha zaka zambiri akulemba za ndege iliyonse imene inagwa m'dera lawo, n'kuziyerekeza ndi zolemba za oyendetsa ndege a Ajeremani amene ankanena malo ndi ola limene anagwetsa mdani.

Koma chenjezo ndi lomwe lija timauza ana m'kalasi: umboni umodzi si umboni. Kalaliki wotopa ankalakwitsa mayina ndi manambala. Ulendo wa usiku uli ndi masiku awiri, lonyamukira ndi lofikira, ndipo zolemba zimasiyana. Nkhani za m'banja nazo zimakula pofotokozedwa: aliyense amafuna kuti malume ake akhale woyendetsa, pamene mwina anali wa mfuti kumchira, ntchito yozizira ndi yaupandu kwambiri. Ndipo wofufuza akonzekere mtima, chifukwa mapepala sasankha mawu. Akhoza kupeza kuti mabomba a usiku umenewo anagwera nyumba za anthu wamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimatheka ndithu

Usiku wa pa 29 March 1943 ndege ya Stirling nambala BK716 inapita ku Berlin ndipo inasowa pobwerera. Mayina a anthu ake 7, asanu a ku Britain ndi awiri a ku Canada, analembedwa ku Runnymede. Patapita zaka zoposa 60 zidutswa za ndege zinapezeka pansi pa nyanja ya Markermeer ku Netherlands. Poyamba anthu ankaganiza kuti ndi ndege ina ya mtundu womwewo. Chimodzi mwa zimene zinathandiza kukonza cholakwikacho chinali kabokosi ka fodya kokhala ndi zilembo zoyamba za dzina la mmodzi wa anyamatawo. Boma la Netherlands linavuula ndegeyo mu 2020, mafupa anapezeka, ndipo mu 2022 anyamatawo anaikidwa m'manda a Jonkerbos ku Nijmegen abale awo ali pomwepo. Maliro anachedwa zaka 79, koma anachitika.

Chitsanzo china ndi cha a Cy Grant a ku British Guiana, dziko limene lero ndi Guyana. Iwowa anali munthu wakuda, wolondola njira mu Lancaster. Ndege yawo inagwetsedwa ku Netherlands mu June 1943 pa ulendo wawo wachitatu. Anzawo awiri anafa, ndipo chidutswa cha ndegeyo chinagwera nyumba ya mlimi n'kupha mkazi wake. A Grant anagwidwa ukaidi, ndipo nyuzipepala ina ya Ajeremani inasindikiza chithunzi chawo monyoza mtundu wawo. Mnyamata wina wa m'deralo, wa zaka 11 panthawiyo, sanaiwale usiku umenewo. Atakula anafufuza ulendo wonse wa ndegeyo n'kulemberana ndi opulumuka. A Grant, amene anadzatchuka ndi kuimba pa wailesi ya kanema ya BBC, anadziwa zambiri za usiku wawo womwe kuchokera kwa mwana amene ankaonera ali pansi.

Africa analimo

Ana athu amaganiza kuti nkhondo ya m'mlengalenga inali ya azungu okhaokha. Auzeni za a Johnny Smythe a ku Freetown, ku Sierra Leone, wolondola njira mu Stirling, amene anagwetsedwa ku Germany mu November 1943 n'kukhala mkaidi mpaka 1945. Pambuyo pake anaphunzira zamalamulo n'kukhala mmodzi wa akuluakulu a zamalamulo m'boma la dziko lawo. Auzeninso kuti gulu loyamba kumenya nkhondo ndi Lancaster linali la nambala 44, lotchedwa dzina la Rhodesia, ndipo John Nettleton, wobadwira ku Natal, analandira mendulo ya Victoria Cross atatsogolera ndege za gululi masanasana kukaphulitsa fakitale ku Augsburg pa 17 April 1942. Iyeyu anasowa mu July 1943 ndipo dzina lake lili ku Runnymede. Oyendetsa ndege masauzande anaphunzitsidwa ku Southern Rhodesia, pa mabwalo ngati Cranborne ku Salisbury, Thornhill ku Gwelo ndi Heany kufupi ndi Bulawayo. Amene analambula mabwalowo ndi kuwalondera anali anthu akuda, koma mayina awo simungawapeze mosavuta ngati a ophunzirawo.

Nanga athu a Keyala?

Apa ndi pamene nkhaniyi inandifika pamtima. Gogo wa ku England uja ali ndi nambala, buku, telegalamu ndi nyumba zosungira zolemba zomuthandiza. Nanga ife? Amuna masauzande a ku Nyasaland analowa King's African Rifles, imene makolo athu ankaitcha Keyala. Anamenya nkhondo ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Pa nkhondo yoyamba ija ya Chiwaya, anthu ochuluka koposa anatengedwa kukhala amtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu 2021 bungwe losamala manda lija linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, mwinanso kufika 350,000, makamaka a ku Africa, sanalembedwe mayina awo monga anachitira ndi azungu. Timadutsa pa chipilala cha ku Zomba ndi cha ku Area 18 ku Lilongwe, mwezi wa November timaona akuluakulu akuika nkhata za maluwa, timavina malipenga ndi mganda zimene zinatengera perete wa asilikali, koma ndi angati mwa ife amene angatchule nambala ya usilikali ya agogo awo?

Ine ndemwe agogo anga aamuna anali ndi mendulo m'kachitini. Ndili mwana ndinkaseweretsa, ndipo nkhani zawo za ku Burma ndinkaziona ngati zotopetsa. Anamwalira ndisanalembe ngakhale mzere umodzi. Mawu a akuluakulu amakomadi akagonera.

Choncho pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ili. Teremu ikubwerayi tumani ana akafunse kwawo ngati m'banja munali msilikali kapena mtengatenga. Akalembe dzina, mudzi, mfumu, kumene anapita, amene anapita naye, ndi nyimbo kapena mawu amene anabwera nawo. Ngati pali mendulo, chithunzi kapena kabuku kotulukira usilikali, akakopere nambala iliyonse imene ilipo, osatenga chinthucho. Kenaka m'kalasi muyerekeze zimene apezazo ndi za m'mabuku, ndipo amene ali pafupi ndi Zomba akayese ku National Archives. Ana adzaphunzira kusanthula umboni kuposa mmene angaphunzirire pa manotsi anga onse.

Mtsikana uja wandiuza kuti anapeza dzina la bambo a gogoyo pa mndandanda wa ku Runnymede, pamodzi ndi mayina a anzawo 6 a m'ndegemo. Anawawerengera mayinawo mmodzimmodzi. Gogoyo akuti anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anamupempha kuti awerengenso. Kumene ndegeyo inagwera sanakupezebe, ndipo mwina sadzakupeza. Panopa akulembera kalata banja lina ku Canada.

Amene muli ndi nkhani za agogo anu a Keyala, chonde musazisunge nokha.